Tikupalasa mitu ili pambalambanda mu tauni ya mitsetse

Blantyre si tauni yathyathyathya ayi, aliyense amene anapalasapo njinga kuno akudziwa zimenezi. Ukachoka ku Limbe kulowera m'tauni nde kuti ukutsika, ukachoka ku Mbayani kulowera ku Kameza ukutsika, ku Ndirande uko kutsetserekera ku Makata ukutsika, ku Chilobwe, ku Bangwe, ku Chilomoni chimodzimodzi, ambiri a ife timakhala m'mbali mwa phiri, kaya ndi Soche kaya Michiru kaya Mpingwe. Pobwerera madzulo umachita kukankha njinga thukuta lili kamukamu, koma popita m'mawa njingayo imathamanga yokha osapalasa n'komwe, ndipo ndi pamenepo pamene mtima wanga sukhala m'malo ndikamaona mmene tikuulukira mitsetse imeneyi mitu ili pambalambanda. Wina kachipewa ka nsalu basi, wina wakweza mwana wa yunifomu pa keliyala miyendo ili lendelende, wina wasenza matumba a makala atatu kuchokera mbali ya ku Zalewa mabuleki ake ndi chidendene cha nsapato chimene akukhutiza pa tayala.

Njinga zachulukanso masiku ano. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 mtengo wa minibasi sunabwererenso pansi, kuonjezera mizere ya mafuta ija, nde anthu ambiri amene ankakwera minibasi tsiku ndi tsiku anapukuta njinga zimene zinangokhala kuseri kwa nyumba. Ineyo ndimapalasa kupita ku ntchito ndipo ndimavala helemeti. Anyamata a pa siteji amakuwa ndithu, "azungu awo!" ena "bwana mpikisano uli kuti lero?" ndipo ndikudziwa kuti mawu ngati amenewa ndi amene amaletsa anthu ambiri, makamaka achinyamata, chifukwa palibe amene amafuna kumasekedwa m'mawa uliwonse pa malo omwewomwewo. Tinaziika m'mutu kuti helemeti ya njinga yakapalasa ndi ya anthu ovala tizovala tothina tija amene amapalasa Loweruka pofuna kuchepetsa mimba, osati ya munthu wopita ku ganyu. Koma phula silifunsa kuti ukupalasira chani.

Chimene anthu amandiuza kawirikawiri n'choti "ine sindithamanga, ndimayenda pang'onopang'ono." Abale, tamverani izi. Ukakhala pa chishalo mutu wako umakhala pafupifupi mita imodzi ndi theka kuchokera pansi. Chinthu chilichonse chikagwa kuchokera pa msinkhu umenewo chimafika pansi pa liwiro la pafupifupi makilomita 20 pa ola, olo njingayo itakhala kuti inangoima chiimire. N'chifukwa chake ku Ulaya akamayesa helemeti ya njinga pa muyezo wawo wotchedwa EN 1078 amaigwetsa pa liwiro limeneli, muli chimutu chachitsulo mkati, n'kuona kuti mphamvu imene yafika ku mutuwo ndi yochuluka bwanji. Ndiye kuti kugwa wamba kumene timakupeputsa kuja, tayala la kutsogolo lalowa m'dzenje kapena laterera pa mchenga umene mvula yakokolola n'kuusiya pa kona, n'kokwanira kuphwanya chigaza. Sipafunika galimoto ayi.

Nanga timagwera pati? Apa nde pamene Blantyre amaopsa kwambiri. M'mbali mwa misewu yathu yambiri muli ngalande zosatseka, zomangidwa ndi miyala ndi simenti, zina zakuya mpaka m'chiuno, ndipo wapanjinga malo ake ndi omwewo, pakati pa ngalande ndi minibasi imene ikukhotera kumanzere mwadzidzidzi chifukwa kondakitala waona pasinja. M'mphepete mwa phula munadyeka, pali malo ena phula linasiyana ndi dothi ngati sitepe, ndipo chichitikireni namondwe wa Freddy mu March 2023 pali misewu ya m'makwalala imene inangotsala miyala yokhayokha. Ukagwa pa mtsetse tayala la kutsogolo likaima mwadzidzidzi iweyo umapitirira pamwamba pa handulo, choyamba kufika pansi ndi manja kenako chipumi kapena m'mbali mwa mutu, ndipo chimene chikukudikira pansipo si udzu, ndi kona ya simenti.

M'mbali mwa mutu ndi mmene ndikufuna tikhalepo pang'ono. Tagwirani pamwamba pa khutu chakutsogolo pang'ono, pamene pamagunda mutu ukamawawa paja. Fupa la pamenepo ndi lopyapyala kuposa malo ena ambiri a chigaza, ndipo kunsi kwake kumadutsa mtsempha wa magazi. Fupalo likang'aluka mtsemphawo umatha kuduka, magazi n'kuyamba kuunjikana pakati pa chigaza ndi chikopa chimene chimakuta ubongo. Chigaza sichifutukuka, nde magaziwo akamachuluka chimene chimapanikizika ndi ubongo. Choopsa chake n'choti munthu amatha kukomoka pang'ono kenako n'kudzuka, n'kumayankhula bwinobwino, kusasa fumbi, kuwongola handulo n'kumapita kwawo, aliyense n'kumati wapulumuka ameneyu, pamene mkatimo magazi akudontha.

Zinachitikira mwana wa aneba athu, mnyamata wa sekondale. Anatumidwa kuchigayo madzulo, pobwera thumba la ufa lili pa keliyala tcheni inagwa ali pa mtsetse, anasokonezeka n'kukagwera m'ngalande. Anafika yekha kunyumba akukankha njinga, pa mutu panalibe bala lalikulu koma kachotupa basi, mayi ake anamuthowa ndi madzi otentha n'kumupatsa panado, anadya nsima pang'ono n'kunena kuti mutu ukumuwawa akufuna akagone. Usiku anayamba kusanza, kenako kumudzutsa osadzuka bwino, kumangobuula. Tinathamanga kusaka galimoto pakati pa usiku. Madokotala anamuchita opaleshoni ya mutu ndipo moyo wake unapulumuka, tikuthokoza Mulungu ndi manja a anthu amenewo, koma mnyamata amene anabwerera kunyumba sanali yemwe uja ndendende. Dzanja limodzi linafooka, amaiwala zimene wauzidwa posachedwa, amapsa mtima pa zinthu zazing'ono pomwe kale anali wofatsa, ndipo sukulu inayamba kumuvuta mwana amene ankakhoza masamu. Mayi ake anasiya geni yawo ya pa msika kwa nthawi yaitali ali pa ugadiyani, kuphika pa mafuwa kuseri kwa chipatala, ana enawo akusungidwa ndi achemwali awo. Mpaka lero akamayankhula za tsikulo amangoti "ndikanadziwa ndikanapita naye nthawi yomwe ija." Ine ndimawauza kuti amayi musadziimbe mlandu, palibe anakuuzanipo kuti kachotupa kangabise zoterozo. Nde ndikulemba kuti wina amve.

Mwendo ukathyoka pali pothawira. Ku Queens amaika pulasitala, amaika zitsulo, fupa limalumikizana, ku Beit CURE uko akhala akuwongola miyendo ya ana kwa zaka zambiri. Khungu likasupuka limamera lina. Ubongo suli choncho, mbali imene yafa siimeranso, munthu amangophunzira kukhala ndi zimene zatsala, ndipo ena amatsala ndi matenda akugwa moyo wawo wonse. Madokotala a opaleshoni ya ubongo m'dziko muno ndi owerengeka kwambiri, ife a ku Blantyre tili ndi mwayi kuti Queens ili pakhomo, ana ali ndi chipatala chawo cha opaleshoni cha Mercy James chimene chinatsegulidwa mu 2017, ku Lilongwe anatsegula chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION mu 2023, koma taganizani munthu amene wagwa pa mtsetse wa ku Chikwawa uja kapena ku Neno, kuti afike pamene pali makina ojambula mkati mwa mutu papita maola angati? Pa kuvulala kwa mtundu umenewu maolawo ndi amene amalekanitsa wamoyo ndi womwalira.

Ena amafuna manambala, chabwino. A bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO mu lipoti lawo la 2023 anati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse pa dziko lonse, ndipo kwa ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29 palibenso china chimene chikupha kuposa msewu. Chigawo cha Africa ndi chimene chili pamwamba ukawerengera kuchuluka kwa anthu, chonsecho magalimoto kuno ndi ochepa poyerekeza ndi kwina. Pa za njinga zakapalasa, mu 2016 akatswiri awiri a ku University of New South Wales ku Australia anasonkhanitsa kafukufuku 40 wokhudza apanjinga ovulala opitirira 64,000, n'kupeza kuti helemeti imachepetsa kuvulala m'mutu ndi 51 peresenti, kuvulala koopsa kwa m'mutu ndi 69 peresenti, ndipo kuvulala m'mutu kofa nako ndi 65 peresenti. Sakunena kuti wovala helemeti sangafe ayi. Koma mwa anthu atatu amene akanaphwanyika mutu moopsa, awiri akupulumuka, nde tangoganizani kuti mmodzi mwa awiriwo ndi mwana wanu.

Olo akatswiri a mpikisano enieniwo, amene amadziwa njinga kuposa tonsefe, ankakana helemeti kwa zaka zambiri, ankati imatentha komanso imalemera. Mu March 2003 Andrei Kivilev wa ku Kazakhstan, wa zaka 29, anagwa pa mpikisano wa Paris-Nice ku France alibe helemeti, anamenyetsa mutu ndipo anamwalira mawa lake. Chaka chomwecho bungwe loyendetsa mipikisano ya njinga pa dziko lonse, UCI, linalamula kuti aliyense azivala. Lero mukamaonera Tour de France pa TV simungaone mutu uli pamtunda. Ngati munthu amene ntchito yake ndi kupalasa basi, njinga yake yosamalidwa ndi makaniko tsiku lililonse, msewu wotsekedwa kuti pasadutse galimoto, amagwa n'kufa, nanga ife a mabuleki a waya wodukaduka pa Chipembere Highway nthawi ya 5 koloko?

Mnzanga wina amene amakonda kutsutsa anandiuza kuti ku Netherlands anthu amapalasa miyandamiyanda opanda helemeti ndipo zikuwayendera. Zoona, ambiri kumeneko savala. Koma dziko lawo ndi lathyathyathya, anamanga tinjira ta njinga tokhatokha tolekana ndi magalimoto, ndipo dalaivala wa kumeneko amakula akudziwa kuti wapanjinga ndi mwini msewu mnzake. Ine ndingakonde kwambiri titakhala ndi tinjira totero kuchokera ku Limbe mpaka ku Clock Tower, ndipo ndikuona kuti a khonsolo ndi a Roads Authority akamakonza misewu azitiganizira ifenso, chifukwa helemeti si yankho la msewu woipa. Koma pamene tikudikira zimenezo mawa m'mawa tikupalasabe pakati pa lole ndi ngalande.

Tsopano vuto lina ndi loti olo amene amavala, ambiri akuvala zinthu zosathandiza. Chimene chimateteza mu helemeti si pulasitiki yonyezimira ya kunjayo. Ndi chinthu choyera kapena chakuda cholimba pang'ono chimene chili mkati, mtundu womwe uja amatchinjirizira TV kapena firiji mu katoni, kungoti cha mu helemeti ndi chothinana kwambiri. Mutu ukamenya pansi chimenechi chimaphwanyika n'kufinyika, nde m'malo moti mutu uime kamodzin'kamodzi umaima mochedwerako pang'ono, kanthawi kochepetsetsa koti sungakaone, koma kokwanira kuti mphamvu yofika ku ubongo itsike kwambiri. Pulasitiki ya kunja ntchito yake ndi kugwira zonse pamodzi ndi kuthandiza kuti mutu uterereke pa phula m'malo mokodwa. Nde chipewa cha pa konsitirakishoni chija, chachikasu chija chimene akabaza ena amavala, sichinapangidwire zimenezi, icho n'choteteza njerwa kapena sipanala ikagwa kuchokera pamwamba, mkati mwake muli timalamba basi, ukagwa pa njinga chimathawa mutu usanafike n'komwe pansi.

Ndipo chinthu cha mkaticho chikafinyika kamodzi sichibwereranso. Helemeti imene yamenyapo pansi mwamphamvu yatha ntchito olo kunja ikuoneka yatsopano. Apa nde pofunika kusamala ndi za pa kaunjika, chifukwa ambiri a ife ndi kumene tingakwanitse, ndipo sindikunena kuti musagule, yapakaunjika yabwino ndi bola kusiyana ndi mutu wopanda kanthu. Koma itembenuzeni, chotsani tinsalu ta mkati, yang'anani ngati pali mng'alu kapena malo ophwatalala, ikanikizeni m'mbali ndi manja muone ngati mng'alu ukutseguka, kokani malamba mwamphamvu, yesani kachotsekera kaja ngati kakugwira. Fufuzani kasitika mkati kolembedwa EN 1078 kapena CPSC, wachiwiriwu ndi muyezo wa ku America. Ya njinga yamoto imakhala ndi chizindikiro cha ECE kapena DOT. Ikakhala yopepuka ngati chidebe, mkati muli kasiponji kofewa kokha, isiyeni, ndi chidole chimenecho. Ndikanakonda a Malawi Bureau of Standards, amene likulu lawo lili konkuno ku Blantyre, atamayendera mashopu ogulitsa zinthu zimenezi pafupipafupi, chifukwa munthu wamba amene wadzimana n'kugula helemeti akuyenera kupeza yeniyeni.

Koma chimene chimandipweteka kwambiri ndi kachingwe ka pachibwano. Taimani pa Ginnery Corner kapena pa msika wa Limbe mphindi zochepa muwerenge akabaza a njinga zamoto. Ambiri helemeti ali nayo, poti lamulo limafuna kuti woyendetsa ndi wokwera yemwe avale, koma ina yakolekedwa pa handulo, ina ili pa chigongono, ina yangotsamira pa nkhongo chipumi chonse chili panja, kachingwe kakuuluka ndi mphepo. Akaona atrafiki kutsogolo nde amaivala msangamsanga, akadutsa avula. Ndiye kuti helemeti timavalira apolisi osati mutu, tikuopa chindapusa kuposa imfa. Helemeti yosamanga imachoka nthawi yomweyo njinga ikagunda, imakagwera uko mwini wake n'kugwera uku. A WHO omwewo amati kwa a njinga zamoto helemeti yabwino yovalidwa moyenera imachepetsa chiopsezo cha imfa kupitirira ka 6 ndipo kuvulala ubongo mpaka ndi 74 peresenti, koma mawu ofunika pamenepo ndi oti moyenera. Achimwene anga akabaza, ndikudziwa mukugwira ntchito yowawa, dzuwa lonse lija, bwana mwini njinga akufuna ndalama yake madzulo, koma kumanga kachingwe sikudya mafuta.

Nanga poti a njinga zakapalasa sindinaonepo akuimitsidwa kufunsidwa helemeti, nde basi palibe amene amaiganizira n'komwe. Ku Victoria ku Australia anakhazikitsa lamulo loti wapanjinga aliyense azivala mu 1990, New Zealand mu 1994. Kunoko ine sindikufuna tiyambire pa chindapusa, bambo wa makala amene wayenda usiku wonse kuti apeze ya ufa mukamulipiritsa mwangomuphera ana ake ndi njala. Tiyambire pa mtengo, zitsike mtengo zizipezeka m'mashopu a zipangizo za njinga pamodzi ndi machubu ndi masipoko, makampani amene amapatsa alonda ndi amesenjala awo njinga azipereka ndi helemeti yomwe, mabungwe amene amagawa njinga kwa ana a sukulu ndi kwa alangizi a zaumoyo asamapereke njinga yokha.

Kavalidwe kake sikovuta. Ikhale yowongoka pa mutu, isapendekere kumbuyo, pakati pa nsidze ndi helemeti pangokwana zala ziwiri. Malamba a m'mbali akumane kunsi kwa khutu, khutu likhale pakati. Mukamanga pachibwano pangolowa chala chimodzi kapena ziwiri, mukayasamula kwambiri muimve ikukoka pamwamba pa mutu. Pukusani mutu, ikamagwedera ndi yaikulu. Ndipo makolo chonde, helemeti si yunifomu yoti mugule yaikulu akuliremo, mwana agulireni ya saizi yake ya lero.

Zifukwa zimene anthu amapereka sindikuzinyoza, zina ndi zenizeni. Kutentha kwa mu October ndi kowona, koma helemeti ya njinga yakapalasa ili ndi mabowo ndipo mphepo imalowa ukamayenda, siili ngati ya njinga yamoto. Azimayi amadandaula za tsitsi, munthu waluka dzulo ndalama zambiri nde aphwanye ndi chisoti, komanso helemeti ya kabaza yavalidwa ndi anthu kaya angati kuyambira m'mawa, thukuta, fungo, mantha a zipere ndi nsabwe. Zimenezi n'zomveka. Asisi anga, yendani ndi kaduku kopyapyala m'chikwama, mangani kaye kenako valani helemeti pamwamba, ndipo ngati kabaza ndi ulendo wanu wa tsiku ndi tsiku ganizirani zogula yanuyanu. Wakabaza amene alibe helemeti ya pasinja musiyeni mukwere wina, akaona kuti makasitomala akuthawira kwa mnzake agula. Zoluka zikakhala zazikulu moti helemeti siikulowa, pamenepo kwerani minibasi, musadzinamize ndi helemeti yongoikidwa pamwamba pa tsitsi.

Pali ana a masiketi awa, nsapato za matayala zija zimene zabwera ndi kaunjika. Ndimawaona m'misewu ya m'malokeshoni imene ili ndi phula, ena pa malo oimika magalimoto Lamlungu mashopu akatseka, ndipo ndimasangalala nawo chifukwa ndi masewera abwino, mwana akutuluka thukuta m'malo mongokhala pa foni. Koma wa masiketi amagwa mosiyana ndi wapanjinga, mapazi amathawira kutsogolo iye n'kugwa chagada, choyamba kumenya ndi nkhongo, ndipo manja sathandiza kanthu pogwa choncho. N'chifukwa chake helemeti yawo imakhala yozungulira yotsika kumbuyo kuphimba nkhongo yonse. Ofunikanso ndi zotchinga pa mawondo, pa zigongono ndi polumikizira dzanja, poti akagwa chakutsogolo amatchinjiriza ndi zikhatho fupa n'kuthyoka pamenepo. Masiketi ambiri a pa kaunjika amabwera kabuleki ka kuchidendene katadyeka kale kapena kulibiretu. Nde ndikaona mnyamata wagwira kumbuyo kwa lole kapena minibasi kuti imukoke pa chitunda ndimachita kuzizidwa m'thupi, dalaivala sakudziwa n'komwe kuti kumbuyo kuli munthu, kamwala kamodzi kakalowa pa tayala basi. Apanjinga nawonso amachita zomwezi pa zitunda. Pamenepo olo helemeti ya mtengo wapatali bwanji siingakuthandize galimoto ya kumbuyo ikakupeza uli pansi. Makolo amene mukugulira ana masiketi kapena kanjinga pa Khirisimasi, ngati ndalama siikukwana zonse ziwiri dikirani kaye mpaka ikwane, ndipo mwana akazolowera kuvala kuyambira tsiku loyamba sadzaona ngati chilango. Komanso mwana sangavale ngati adadi ake akupalasa opanda, ana amatengera zimene akuona.

Ndisaname kuti helemeti ndi zonse. Siiteteza khosi, siiteteza chifuwa, ndipo thiraki ikakuponda palibe chisoti chingakupulumutse. Mabuleki onse awiri azigwira musanayambe mtsetse uliwonse, mabuleki a labala aja ndi otchipa kusiyana ndi china chilichonse pa njinga. Madzulo valani chowala, ikani kanyali kofiira kumbuyo, poti magetsi a mumsewu malo ambiri sayaka ndipo wapanjinga wovala zakuda pa msewu wa ku Chileka usiku saoneka mpaka galimoto itafika pafupi. Yendani kumanzere limodzi ndi magalimoto osati moyang'anizana nawo, ndipo mahedifoni m'makutu ayi. Mowa nde osanena.

Munthu akagwa pamaso panu n'kumenyetsa mutu, chonde tisamachite zija timachita zomuunjikira, wina kumukoka mikono, wina kumuthira madzi kumaso, wina kujambula pa foni. Ngati sali pa malo oti galimoto ina imuponda musamudzutse mothamanga, gwirani mutu ndi khosi zikhale mowongoka chifukwa mwina khosi lavulalanso. Ngati wavala helemeti ya njinga yamoto musaivule mokoka pokhapokha ngati akulephera kupuma. Osamumwetsa madzi kapena fanta ali chikomokere, angatsamwe. Akamasanza mutembenuzeni chammbali thupi lonse pamodzi ndi mutu, anthu angapo mothandizana. Pomunyamula kukwera naye galimoto agone mowongoka, wina agwirebe mutu, osati kumupinda pa mpando wa kumbuyo kapena kumukweza pa kabaza wina.

Ndipo olo adzuke n'kumati ali bwino, ngati anakomokako olo pang'ono, kapena sakukumbuka chimene chachitika, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Amene wabwerera kunyumba asagone yekha, wina amuyang'anire usiku umenewo ndi tsiku lotsatira. Mutu ukamawawirawawira, akasanza mobwereza, akamangofuna kugona kapena kuvuta kudzutsa, akamayankhula zosokonekera, dzanja kapena mwendo ukafooka, akayamba kuphupha ngati wakhunyu, kamwanadiso kamodzi kakakula kuposa kanzake, kapena m'khutu ndi m'mphuno mukatuluka magazi kapena madzi oyera, musadikire kuti kuche, musathowe, musayambe mwapita kogula mankhwala pa grosale. Gogodani kwa neba amene ali ndi galimoto nthawi yomweyo, ndipo mukafika kuchipatala auzeni momveka kuti anagwa nthawi yanji, anamenya mbali iti ya mutu, komanso ngati anakomoka.